Njerwa za mumsana

Mmisiri womanga nyumba akafika pa chipilala cha pakhonde amachepetsa liwiro. Ayala matope, akhazika njerwa, aigogoda pang'ono, aikapo levulo, ndipo pokhapo atenga ina. Amadziwa kuti njerwa imodzi ikakhala mopendekeka m'munsi, cholakwacho sichionekera pomwepo. Chimakaonekera kumwamba, tsiku lokhoma malata, mwini nyumba ataima chapatali n'kufunsa kuti, "Amisiri, nanga khondeli latsika bwanji mbali imodzi?"

Msana wa munthu unamangidwa chimodzimodzi. Timautchula ngati fupa limodzi, koma ndi mafupa 33 osanjikizana. Mafupa 7 ali m'khosi. Mafupa 12 ali kumbuyo kwa chifuwa, ndipo lililonse mwa amenewa lagwira nthiti ziwiri, ina kumanja ina kumanzere. Ena 5 akuluakulu ali m'chiuno. Otsalawo anagwirana m'munsi n'kukhala phata lolimba lokhazikika pakati pa mafupa a chiuno, ndipo amenewo ndiwo maziko. Pakati pa fupa ndi fupa pali kachinthu kolimba kunja koma kofewa m'kati, kamene madokotala amati disc. Ndiwo matope ake amenewo, kungoti matope awa sauma. Masana thupi limawapsinja n'kuwafinya madzi, usiku tikagona amamwanso. N'chifukwa chake munthu amakhala wamtaliko m'mawa kusiyana ndi madzulo, mwina ndi sentimita yathunthu.

Pali pamodzi pamene mmisiri ndi Namalenga amasiyana. Mmisiri amafuna kuti chipilala chake chiwongoke kulikonse kumene waima pochiyang'ana. Msana wabwino umawongoka ukauyang'ana cha kumbuyo kokha. Cha m'mbali ndi wokhotakhota: khosi lalowa kutsogolo, pa nthiti patulukira kumbuyo, m'chiuno mwalowanso kutsogolo. Khanda limabadwa ndi msana wopindikira mbali imodzi yokha, monga linakhalira m'mimba. Kukhota kwa m'khosi kumabwera mwana akayamba kudzutsa mutu, kwa m'chiuno kumabwera akayamba kuimirira ndi kuyenda. Kukhotakhota kumeneku n'kumene kumachititsa kuti ukalumpha ngalande, kugunda kwa phazi kusafike molunjika kumutu.

Thupi lili ndi lamulo limodzi limene silifuna kuliphwanya: mutu ukhale pamwamba penipeni pa chiuno, maso ayang'ane kutsogolo molingana. Choncho penapake pakapendekeka, mafupa a pamwamba ndi a pansi pake amapendekekera kwina kuti abweze. Ndi zimene amachita mmisiri amene wazindikira, chipilala chitafika kale pakati, kuti chathawira kumanja. M'malo mogumula, amayamba kukankhira njerwa zotsatira kumanzere. Pamwamba pamabwereradi pamalo pake, koma chipilalacho chakhota kawiri. Ndiye chifukwa chake chimene anthu amaona pa thupi la mnzawo, kaya ndi phewa, kaya ndi chiuno, kaya ndi chibwano chotsogola, nthawi zambiri chimakhala kutali ndi pamene vuto linayambira.

Kukhota kopita m'mbali, kumene achipatala amati scoliosis, nthawi zina woyamba kukuona ndi telala. Mtsikana wa Sitandade 7 wapita kukayezetsa yunifolomu, telala wasoka monga amasokera masiku onse, koma mwana atavala mpendero wakwera mbali imodzi. Mayi apsa mtima: "Atelala, mwandionongera nsalu." Telala ayala diresi patebulo, ayeza uku, ayeza uko, zonse n'zofanana. Amuvekanso mwana, aima kumbuyo kwake, ndipo pamenepo m'pamene aona. Phewa lamanja lakwera. Fupa lophwatalala la kumbuyo kwa phewalo latulukira kunja. Mkono wina wagundana ndi thupi pomwe pakati pa mkono winawo ndi chiuno pali mpata, ndipo chiuno mbali imodzi chikuoneka chachikulu. "Mayi, nsalu ilibe mlandu. Mwanayu mukamuonetse kuchipatala."

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti msana wotere sungopendekeka, umapotokanso. Tiyerekeze kuti mmisiri uja akukhazika njerwa iliyonse ataitembenuza pang'ono kuposa ya pansi pake. Chipilala chimakwera chikuzungulira. Tsono ngati pa njerwa iliyonse pazikidwa ndodo ziwiri, ina uku ina uko, ndodo za mbali imodzi zithawira kumbuyo, za mbali inayo zitsogola. Nthiti zimatero. Mbali imene msana wakhotera, nthiti zimakankhidwira kumbuyo n'kupanga chitunda. Mbali inayo zimapita kutsogolo, moti mwa mtsikana bere limodzi limatha kuoneka lalikulu kuposa linzake pamene onse awiri ndi ofanana. Chitundacho si chotupa, si fupa lomera. Ndi nthiti zomwe zija, zabwinobwino, zimene zangotsatira fupa limene zagwirako. Mwa ana ambiri a msinkhu umenewu chimakhala kumanja.

Kuyeza kwake aliyense angathe pakhomo. Mwana avule malaya, aphatikize mapazi, asapinde mawondo, aphatikize manja n'kuwerama mikono ili lende. Inu mukhale kumbuyo kwake, maso anu alingane ndi msana wake. Mbali ziwirizo zikafanana, mtima ukhale pansi. Mbali imodzi ikakwera kuposa inzake, pali chofunika kuti adokotala achione. Njira imeneyi anailongosola dokotala wa ku England, William Adams, mu 1865, ndipo mpaka lero ndiyo imene amayambira m'zipatala. Kumeneko amajambula X-ray n'kuyeza kukula kwa kukhotako m'madigiri, potsata njira ya dokotala wa ku America, John Cobb, ya mu 1948. Osafika madigiri 10 sawerengera n'komwe, chifukwa palibe munthu amene anawongoka ngati chingwe cha mmisiri. Kuyambira 10 kupita m'mwamba ndiye scoliosis. Imapezeka mwa ana 2 kapena 3 pa ana 100 alionse a zaka za pakati pa 10 ndi 18, ndipo mwa ambiri imakhala yaing'ono, yongofuna kuiyang'anira basi.

Makolo amafunsa kuti, kodi mwanayu wachita chiyani? Sanachite kanthu. Pa anthu 10 a scoliosis, pafupifupi 8 chiyambi chake akatswiri sanachipeze. Chimene chaoneka n'chakuti imayenda kumtundu, ndiponso kuti yokula kwambiri imakonda atsikana kuposa anyamata. Ndowa ya madzi timainamizira. Kusenza katundu wolemera kumapweteketsadi khosi ndi msana, ndipo mwana wamng'ono si womusenzetsa mopyola muyezo, koma atsikana a ku London ndi ku Tokyo amene sanasenzepo ndowa chibadwire amakhota msana chimodzimodzi. Chikwama cha mabuku nacho chilibe mlandu, kukhala pansi m'kalasi yopanda madesiki kulibe mlandu, ndipo mnansi amene mukumuganizira uja musiyeni. Kukalipira mwana kuti, "Taima bwino iwe, ukupendama chiyani?" n'kungomuzunza. Iye m'thupi mwake akumva kuti waima chilili mowongoka, ndipo akayesa kukukondweretsani potsitsa phewa, pakapita mphindi zochepa libwerera pomwepo.

Otsala pa anthu 10 aja zifukwa zake zimadziwika. Ena amabadwa ndi fupa limodzi losaumbika lonse, lokhuthala mbali imodzi lopyapyala mbali inayo, njerwa yotuluka m'chikombole chosadzaza. Ena minofu yogwira msana inafooka chifukwa cha poliyo kapena kuvulala kwa ubongo pobadwa. Palinso ena amene msana wawo ulibe vuto konse, vuto lili pa maziko: mwendo umodzi ndi waufupi, chiuno chapendekeka, msana n'kukhota pobweza. Wotereyu mukamukhazika pampando, kapena mukaika kathabwa pansi pa phazi la mwendo waufupiwo, msana umawongoka mukuona. Chithandizo chake chimayambira pa nsapato yokwezedwa.

Nthawi yoopsa ndi imene mwana akuthamanga kukula, pamene malaya amamuthina chaka chisanathe. Kwa atsikana ndi chaka chimodzi kapena ziwiri asanathe msinkhu ndi kanthawi pambuyo pake. Chipilala chikadamangidwa, kupendekeka kumawonjezereka ndi mzere uliwonse wa njerwa, koma kukula kukatha, kukhota kwakung'ono kawirikawiri kumaima pomwepo. Choncho osafika madigiri 25, dokotala amangomuona mwana pakapita miyezi ingapo. Pakati pa 25 ndi 40, mwana akadakula, amamuveka chovala cholimba cha pulasitiki chotchedwa brace. Sichiwongola msana, ntchito yake n'kuletsa kuti usapitirire kukhota. Kafukufuku wamkulu wa ku America ndi Canada amene anatuluka mu 2013 anapeza kuti ana 72 pa 100 ovala brace anamaliza kukula osafika pofuna opaleshoni, pomwe mwa osavala anali 48 okha, ndipo amene ankavala maola 13 kapena kuposerapo pa tsiku ndiwo anapindula kwambiri. Polemba n'zophweka. Kuvala pulasitiki maola onsewo mu Okutobala, kusukulu kumene anzako akukugogoda pamimba kuti amve kulira kwake, ndi nkhani ina, ndipo mwana wotere amafunika munthu wamkulu womulimbikitsa tsiku ndi tsiku.

Kukhota kukapyola madigiri 45 kapena 50 kumatha kupitirirabe ngakhale munthu atakula, ndipo kukafika cha m'ma 80 kumayamba kupanikiza mapapo. Pamenepo pamafunika opaleshoni: amamanga zitsulo m'mbali mwa msana n'kuchititsa mafupawo kuti agwirane. Anayambitsa zitsulozi ndi Paul Harrington wa ku Houston m'zaka za m'ma 1950, pothandiza ana opuwala ndi poliyo. Kuno kwathu madokotala ochita opaleshoni yotere ndi owerengeka, ndiye kuzindikira msanga n'kofunika kwa ife kuposa kwa anzathu akunja.

Maonekedwe ake anthu amawakokomeza. Kwa zaka zoposa 400 dziko linkamudziwa Richard III, amene anali mfumu ya ku England ndipo anafa pankhondo mu 1485, ngati munthu wa linunda loopsa kuliona, chifukwa ndi mmene William Shakespeare anamuonetsera m'sewero lake. Mu 2012 mafupa ake anafukulidwa pansi pa malo oimikapo magalimoto mumzinda wa Leicester. Msana unalidi wokhota kwambiri, koma wokhotera m'mbali. Phewa lamanja linali lokwerako, thupi lofupikirako, ndipo telala wodziwa ntchito akanatha kubisa zambiri. Anali munthu wokwera kavalo n'kumenya nkhondo. Usain Bolt wa ku Jamaica, amene anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 mu 2009, naye ali ndi scoliosis. Atsikana ambiri a vutoli amakula, amagwira ntchito, amatenga pakati n'kubereka bwinobwino. Scoliosis ya ana nthawi zambiri sipweteka. Chimene chimapweteka ndi maso a anthu: juzi yovala dzuwa likuswa mtengo, kudikira kuti anzake onse asambe kaye kusukulu yogonera komweko, dzina lachipongwe lomukakamira mpaka kukula.

Kukhota kwina ndi kopita kutsogolo, kyphosis, kumene kumaonetsa munthu woweramira. Mnyamata wamtali amene amangokhalira kuzyolikira pafoni, mapewa atagwera kutsogolo, ndiye yekhayo amene mawu akuti "khala bwino" amamugwira, chifukwa njerwa zake n'zabwino ndipo akagona chagada pamphasa msana umayalika wonse. Koma pali ena amene mafupa atatu kapena kuposerapo otsatizana anakula mopyapyala kutsogolo, matenda amene dokotala wa ku Denmark, Holger Scheuermann, anawalongosola cha m'ma 1920. Wotereyu ngakhale agone chagada kukhotako kumatsalabe, ndipo kumunena waulesi n'kumulakwira.

Agogo aakazi oweramira ndodo tonse timawadziwa, ndipo timati lawapinda ndi khasu. Khasu lili ndi mlandu wake, koma nkhani yaikulu ili m'kati mwa fupa. Mayi akasiya kusamba, mafupa ake amayamba kuchepa mphamvu msangamsanga, njerwa yowotcha n'kusanduka ngati chidina. Kulemera kwa thupi kumatsamira kutsogolo kwa fupa, ndiye kutsogoloko n'kumene kumaphwanyika, nthawi zina popanda kugwa n'komwe, mwina pongotukula mtolo wa nkhuni kapena potsokomola. Limodzi lero, lina chaka chamawa. Agogo amafupika. Chitenje chimene chinkalekeza mu akakolo chimayamba kukhudza pansi. Nthiti zimatsikira pa chiuno, mimba imatuluka ngakhale sananenepe, chibwano chimatsogola, mawondo amapindika kuti maso aone njira. Usipa, matemba ndi bonya zodyera limodzi ndi minga yake, masamba obiriwira, kuyenda ndi kuwothera dzuwa zimalimbitsa fupa, ndipo kulimba kwakukulu kumamangidwa munthu asanakwane zaka 30.

M'chiuno namo mumatha kulowa kwambiri, kumene amati lordosis, matako n'kutulukira kumbuyo, mimba kutsogolo. Mayi woyembekezera amatero pobweza kulemera kwa pakati, bambo wa chimimba chimodzimodzi, ndipo ana aang'ono ambiri amatero n'kusiya okha. Kawirikawiri si nkhani yodetsa nkhawa.

Chodetsa nkhawa kwenikweni kuno kwathu ndi linunda losongoka. Kukhota konse kumene tanenaku ndi kozungulira, kwa mafupa ambiri, lililonse kuperekapo pang'ono. Ili ndi la fupa limodzi kapena awiri amene aphwasuka, msana n'kuthyokera pamenepo, moti ukapapasa ndi chala umamva nsonga. M'mayiko ngati Malawi, Zambia ndi Mozambique, choyamba kuchiganizira ndi TB. Ambiri timadziwa kuti chifuwa chachikulu chimagwira mapapo, koma kachilombo kake kamayenda m'magazi, ndipo pa mafupa onse kamakonda msana: pafupifupi theka la TB ya m'mafupa imakhala mumsana. Kamalowa kutsogolo kwa fupa n'kumalidya mwakachetechete monga chiswe chimachitira m'chidina, kunja kukuoneka bwinobwino, mpaka tsiku limene njerwa yapamwamba igwera pa yapansi. Percivall Pott, dokotala wa ku London, analemba za linunda lotsatana ndi kufa miyendo mu 1779, ndipo matendawa amadziwika ndi dzina lake mpaka lero.

Zizindikiro zake zimabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi. Msana umapweteka malo amodzi, usiku ndi usana, osamva panado. Thupi limatentha madzulo, usiku thukuta, chakudya osachifuna, munthu n'kumaonda. Kutsokomola mwina palibe n'komwe, ndipo apa m'pamene anthu amasocherera. Mwana amasiya kusewera, amayenda mowuma, ndipo akafuna kutola chinthu pansi amanyonyomala msana uli chiwongokere, dzanja litatsamira pantchafu. Amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chachikulu. Kuseri kwa mafupa amenewa kumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo kupita kumiyendo. Mafinya kapena fupa lophwasuka zikaupanikiza, miyendo imachita dzanzi, imalemera, munthu amapunthwa pamalo osalala, kenako mkodzo umayamba kutuluka wokha kapena kukana kutuluka.

Ana ambiri a linunda lotere amafika kuchipatala msana uli mphini zokhazokha. Sindikuweruza makolo, mwana akamafota pamaso pako umathamangira kulikonse kumene wauzidwa. Koma miyezi imene yathera kotemera ndi imene fupa lachiwiri ladyedwa. Mankhwala ake ndi omwe aja a TB ya m'mapapo, aulere m'zipatala za boma, kungoti amamwedwa nthawi yaitaliko, kawirikawiri miyezi 9 mpaka 12. Amapha kachilombo, ululu umatha, ndipo ambiri amene miyendo inali itayamba kufooka amayendanso. Chimene mankhwala sangachite ndi kuumbanso njerwa imene yaphwasuka. Linunda limene lapangika limatsala, ndipo mwa mwana limatha kukulirakulira pamene iye akukula, ngakhale TB itatha kale. Mwana wotere amayenera kumaonedwabe kuchipatala mpaka atasiya kukula.

Poyambira si patali. M'zipatala za m'maboma muli ma clinical officer a za mafupa, amene dziko la Malawi linayamba kuwaphunzitsa mu 1985, ndipo ndiwo amene amasamalira anthu ambiri othyoka mafupa m'dziko muno. Iwo angathe kumuyeza mwana, kumujambula X-ray ndi kumutumiza ku Mzuzu Central, ku Queen Elizabeth, ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala cha mafupa chimene chinatsegulidwa mu 2002 ndipo chimathandiza ana, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene tsopano kuli chipatala chapadera cha mafupa ndi ubongo cha LION. Mwana wokhota msana koma wosamva ululu, wodya ndi kusewera bwino, mupite naye mwezi uno, musadikire kuti akule kaye. Koma amene msana ukumupweteka usiku, akuonda, kapena wayamba kukoka mwendo, musadikire tsiku la kiliniki kapena kuti mugulitse kaye mbewu. Nyamukani naye mawa m'mawa, ndipo mukafika mukapemphe kuti amuyezenso TB.